Mawu Obwereka a Mnthengu

Padangokhala. Osati kale la makolo lija ayi, koma kale la posachedwapa, mafoni atangofika kumene kwa nyama. Musandifunse kuti zinkatchaja kuti, nthano siyankha mafunso otero.

Nyama zonse zinali pa gulu limodzi la pafoni. Wapampando wa gululo anali a Ntchefu, akulu thupi, ofatsa, okonda kuitanitsa misonkhano koma oopa kugamula nkhani. Mzamba anali a Nungu, mayi wosabisa mawu. Ndipo mlonda anali Mnthengu, kambalame kakuda bii, ka mchira wa mphanda.

Ulondawo anaupeza chifukwa cha pakhosi pake. Mnthengu ankatha kutsanzira kulira kwa nyama iliyonse. Akaona chiwombankhanga ankachenjeza nkhanga m'chinkhanga, akaona nyalugwe ankauza anyani m'chinyani. Nyama zinkangoti ameneyu ndi wophunzira. Zimene sizinkadziwa n'zakuti masiku ena ankakuwa popanda choopsa chilichonse, anzake n'kuthawa, iye n'kutsika kudzatola ziwala zimene ataya. Polankhula ndi akuluakulu ankabwereka mawu a njiwa, osalala ngati mafuta. Mawu akeake anali osasa, olira ngati mpeni pa mwala wonolera, ndipo ankachita nawo manyazi kwambiri moti panalibe nyama yodziwa kuti ndi ake. Ankangomupulumuka mwa apo ndi apo, akamaseka nthabwala yake yomwe.

Pamenepo pagwireni, tipafuna kutsogoloku.

Tsono kunali Ngaka, mayi wamanyazi, wa mamba thupi lonse, wopanda mano, wa maso ofooka koma makutu akuthwa. Pagulu paja sankalembapo kanthu koposa mawu amodzi okha: zikomo. Wina akalengeza za maliro, zikomo. Wina akanena kumene kwapsa masuku, zikomo, ngakhale iye masuku sadya. Ngaka anakhala zaka zambiri opanda mwana, ndiye chaka chimenecho anachira, mwana wamkazi. Tsiku lotuluka m'chikuta, a Nungu anajambula chithunzi n'kuchiika pagulu ndi mtima wabwino.

"Sangalalani nafe," analemba motero, "mnzathu watuluka bwino ndi mlendo wake."

Mwana wa ngaka amabadwa mamba asanalimbe, ali oyera, ofewa. Mnthengu ali pa nthambi yake ya ulonda anachiyang'ana chithunzicho, nthabwala n'kumubwerera yokha. Ndinene poyera, chifukwa zimenezi zimandipsetsa mtima: Ngaka sanamulakwire chilichonse. Sanamumane, sanamunene, sanamupondepo n'chala chomwe. Mnthengu anangoona kuti tsiku latalika, ndipo ankalakalaka tinkhope toseka tija timene anthu amaika pansi pa uthenga. Anali ndi nambala yachiwiri imene palibe ankaidziwa. Anaitsegula, n'kujambula mawu motsanzira a Njiri.

"Anzanga, tandithandizani maso. Ameneyu ndi mwana kapena chinangwa chosenda? Mayi, mwabereka kapena mwakumba?"

Tinkhope toseka tinatuluka ngati inswa mvula itagwa. Mnthengu anawerenga, nawerenganso, mtima n'kukoma. Mawa lake anabwereka mawu a Nkhanga.

"Mayi alibe mano, mwana alibe khungu. Kodi bambo akewo akusowa chiyani?"

Tsiku lachitatu anatenga mawu a Nyani.

"Mukamamusambitsa musamuike pafupi ndi mphika. Wina angamuthire mchere."

Apa ndiye zinafika posauzana. Ena anayamba kuwonjezera zawo. Wina anajambula mphika pansi pa chithunzi cha mwana uja, wina n'kutumiza ku magulu a kutsidya. Alipo amene anaona kuti zanyanya, koma anangoti chete, poopa kuti chitonzo chingatembenukire kwa iwo. A Ntchefu nawo anaika kankhope koseka, kenako n'kukachotsa msangamsanga, n'kulemba kuti tiyeni tizilemekezana.

M'mawa wa tsiku lachinayi Ngaka anapita pachulu kukafuna chiswe, mwana ali pa mchira monga amaberekera a mtundu wake. Anapeza nyama zaunjikana pa foni imodzi, zikumvetsera mauthenga aja kachikhumi. Wina anacheuka.

"Eee, chinangwa chija chafika!"

Chiphwete chinaphulika. Ngaka anaima. Sanalire, sanatukwane. Anatsitsa mwana pa mchira, n'kumuika pamimba, n'kulowetsa mutu, n'kupinda mchira pamwamba. Anadzikulunga pomwepo ngati nkhata, mwana ali mkati.

Poyamba nyama zinkaseka. Dzuwa litafika pamutu zinasiya. Zinamuitana, zii. Njati anayesa kumukanula ndi nyanga, nyangazo n'kumangoterereka. Nkhani itafika kwa a Nungu, anathamanga minga ili wayawaya, nagunditsa khutu pa mamba aja. Mkatimo mwana ankalira.

"Wapampando, imvani bwino," anatero a Nungu kwa a Ntchefu. "Mayi wosadya mkaka umauma. Uyu wadzuka m'chikuta dzana lomweli, alibe mphamvu zosunga. Akafika mkuja ali chonchi, tiika maliro awiri m'manda amodzi."

"Ndiye titani, azamba?"

"Mukundifunsa ine? Amene anayatsa motowu abwere adzauzime."

A Ntchefu anaitanitsa Njiri, Nkhanga ndi Nyani, eni mawu aja. Onse atatu anakana kwamtuwagalu.

"Mawuwo ndi anga, koma ine sindinalankhule," anatero Njiri.

"Nambala imeneyo sindiidziwa!" anakuwa Nkhanga.

"Ndikanati ndinene, ndikananena pa nambala yanga," anatero Nyani. "Ine ndiope ndani?"

A Ntchefu anakanda pamutu, nayang'ana m'mwamba kwa mlonda wawo.

"A Mnthengu, inu mumaona zonse. Tithandizeni nzeru."

Mnthengu anapendeketsa mutu ngati woganiza kwambiri, n'kuyankha m'mawu a njiwa aja.

"Wapampando, kukana ndi khalidwe la wolakwa aliyense. Koma ino si nthawi ya milandu, tili ndi mwana woti timupulumutse. Makutu athu tonse amva mawu a anthu atatuwa. Angogwada, apepese, zinazo tidzakamba bwino."

"Mawu anzeru," anatero a Ntchefu, mtima uli m'malo kuti wina wawagamulira.

Anagwada atatu aja m'fumbi, Nyani akukukuta mano. Anaomba m'manja mwaulemu monga amachitira opepesa, aliyense n'kunena pepani. Kenako mkati mwa mamba muja munatuluka nyimbo.

Inali nyimbo yotsika, ya mizere yochepa, yonga imene mayi amang'ung'udza akamasinja yekha. Inkanena kuti maso a woimbayo ndi ofooka koma makutu ake sanamunamizepo. Inkanena kuti ogwadawo adzuke, chifukwa mawu ndi awo koma pakamwa si pawo, ndipo kuti pakamwa pamene panamumanga ndi pomwe padzamumasule. Pomaliza Ngaka anakhulitsa mamba ake awiri, n'kutulutsa kaphokoso kosasa, ngati mpeni pa mwala wonolera.

Nthenga za Mnthengu zinaima. Nyama zina zinangoyang'anana.

"Tabwezani mauthenga aja," anatero a Nungu. "Kwezani mawu. Mvetserani kumapeto."

Anabweza wa Njiri. Nthabwala itatha, foni isanaduke, kanamveka kaphwete kosasa kaja. Anabweza wa Nkhanga, komweko. Wa Nyani, komwekonso.

"Mwamva?" anatero a Nungu. "Mauthenga atatu, khosi limodzi."

Nyani anadzuka, akusasa fumbi m'mawondo.

"Amene wandigwaditsa pamaso pa akazi anga, ndikamugwira ndimusosola wamoyo."

"A Mnthengu," anatero a Ntchefu, "inu mumadziwa kulira kwa nyama zonse. Kumeneku n'kwa ndani?"

Maso onse anakwera m'mwamba. Mnthengu anamva nthambi ikuchepa pansi pa mapazi ake. Anagwira mawu a njiwa mwamphamvu kuti asamupulumuke.

"Kumeneko sindinakumvepo, wapampando. Mwina ndi netiweki. Mafoni a masiku anowa amakhala ndi tiphokoso."

Nyama zinamukhulupirira. Ndani angakayikire mlonda? A Nungu okha anamuyang'ana nthawi yaitali.

Kutacha, Ngaka anali pomwe paja. Mwana ankalirabe, koma mopumira. Mnthengu anaganiza kuti vuto ndi mauthenga aja: akachoka, nkhani yatha. Anatsegula nambala yobisika, n'kufufuta onse atatu. Kenako analemba ndi zilembo, osajambula mawu, chifukwa tsopano ankaopa khosi lake lomwe.

Atatumiza anaulukira kwa a Ntchefu.

"Wapampando, taonani pagulu! Wolakwa uja wadzimvera chisoni. Wafufuta zonse, wapepesanso. Azamba akawawerengere mayiwo, basi tikagwire ntchito zathu."

A Nungu anatenga foni, nawerenga mokweza pafupi ndi mamba aja.

"Ngati alipo amene anakhumudwa, pepani. Zinali zocheza chabe." Anaima, minga n'kudzuka. "Ngati alipo? Ngati alipo! Nanga uyu ali apayu ndi mwala?"

"Koma wafufuta," anatero a Ntchefu mwamanyazi.

"Wafufuta kwake. M'foni mwanu mulibe? Kutsidya kuja sanafike?"

Njiri anaweramitsa mutu, chifukwa ngakhale sanalankhule mawu aja, ndi iye amene anawatumiza kutsidya, akunyadira kuti akumutama nthabwala.

Nyimbo ija inatulukanso, yotsika kuposa dzulo. Inabwereza za maso ofooka ndi makutu osanama, n'kuwonjezera kuti kupepesa kopanda dzina kulibe mawondo ogwadira. Inathera pomwe paja, pa pakamwa pamene panamanga, ndi kaphokoso ka mpeni pa mwala.

Tsiku limenelo Mnthengu sanadye. Ziwala zinkadutsa pamphuno pake, iye osaziona. Ankangomva kaphokoso kaja m'mutu. Koma musaganize kuti analapa. Ankafunafuna njira ina yoti Ngaka atambasuke, iye dzina lake lili lobisika.

M'mawa wa tsiku lachitatu chidzikulungire Ngaka, nyama zonse zinasonkhana pachulu paja, zitazungulira Ngaka. Kulira kwa mwana kunali kutasanduka ngati kwa udzudzu, mpaka ugunditse khutu. A Nungu anadzuka pogwada paja maso ali ofiira.

"Dzuwa likapendeka asanayamwe mkaka weniweni, ameneyu si wathunso."

Apa Mnthengu anakumbukira luso limene linamudyetsa moyo wake wonse. Kodi nyama imataya chimene yagwira chifukwa cha chiyani? Mantha. Anali atachita zimenezi kambirimbiri: kukuwa kamodzi, mwini wake n'kutaya chiwala, liwiro. Ndiye Ngaka akamva kuti imfa yafika, sadzatambasuka kuti athawe ndi mwana wake? Anadziyamikira yekha mumtima. Anakwera pamwamba, nadzaza chifuwa, n'kukuwa m'mawu a nyama zonse motsatizana.

"Alenje! Alenje ndi agalu! Ali pafupi, thawani!"

Balala! A Ntchefu analumpha chulu chonse, ukulu uiwale. Nyani anakwera mtengo, Nkhanga anauluka chammbali, Njiri liwiro la mtondo wadooka mchira uli njo. A Nungu anayesa kukankha Ngaka kuti agubuduke nawo, koma analephera, nathawa akulira.

Mnthengu anayang'ana pansi, akudikira kuona mchira ukutambasuka.

Wophunzira uja anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa m'thengo amachidziwa. Ngaka sathawa. Nyama zina zikaopa zimataya n'kuthamanga, koma ngaka akaopa amafinya. Mamba aja analira kuti tsetsetse, akulowana, nkhata ija n'kuchepa, n'kuchepanso, mpaka kulimba ngati mwala.

Kulira kwa udzudzu kuja kunaleka.

Mnthengu anatsika. Pansi ankatsikapo pokatola zakuba zokha, koma tsopano anatera pafupi ndi mamba aja. Anagunditsa khutu. Zii.

"Mayi," anatero m'mawu a njiwa, "masukani pang'ono. Kulibe alenje. Mwina ndinaona molakwika."

Zii.

"Mayi, mukumufinya mwana. Chonde."

Zii.

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe nyama ndi imodzi yomwe. Anayandikira, n'kunong'ona, akadali m'mawu osalala aja.

"Ndine. Mauthenga aja ndinatumiza ndine. Pepani. Zithere pompano, pakati pa inu ndi ine."

Anadikira. Patapita nthawi nyimbo ija inayesa kutuluka, koma inali mpweya wokhawokha. Inayamba za makutu osanama, n'kuduka pakati. Mphamvu zokhulitsa mamba panalibe. M'malo mwake munatuluka mawu, amodziamodzi.

"Njiwa ndikumudziwa. Njiwa sanandilakwire."

"Mayi, si njiwa, ndine Mnthe..."

"Munaseka pagulu. Mukupepesa pambali."



Mnthengu anaulukira pa nthambi yake. Anaziwerenga zonse bwinobwino, poti kuwerengetsera ankakutha. Akanena pagulu, ulonda watha. Ziwala zaulere zatha, chifukwa palibe adzathawenso iye akakuwa. Ulemu wa wophunzira watha. Ndipo pali Nyani, amene analumbira kuti amusosola wamoyo. Akapanda kunena, ndani angadziwe? Wamva ndi mmodzi yekha, ndipo ameneyo pofika madzulo sadzakhala wolankhula. Anatambasula mapiko kuti azipita.

Sindikunamizani kuti anasanduka woyera mtima pa nthambipo. Chimene chinamugwira mapiko ndi zii uja. Mbalame imene moyo wake wonse inkadya za phokoso inali isanamvepo chete wotero, chete wa pamalo pamene mwana amayenera kukhala akulira. Ndipo ankadziwa kuti chete ameneyo wamupanga ndi iye, ndi khosi lake. Anaona kuti kulikonse kumene angaulukire akamupeza.

Anatsikanso. Anatulutsa foni, nambala yake yeniyeni, ya mlonda, yodziwika ndi aliyense. Anadina pojambulira mawu n'kutsegula mlomo. Anatuluka mawu a njiwa. Anafufuta. Anayesanso, n'kutuluka a Nkhanga. Anafufuta. Kachitatu anatuluka a kadzidzi, amene sanawafune n'komwe. Mawu ake anali atawakwirira kalekale, ngati khasu losiyidwa m'munda chaka chatha, ndipo tsopano ankafukula ndi mantha, diso lili padzuwa limene linali litayamba kupendeka. Anakhosomola, nakokera mpweya pansi penipeni. Kenako anatuluka, osasa, okanda m'makutu, mpeni pa mwala.

"Ndine Mnthengu, mlonda wanu. Mawu mukumvawa ndi anga enieni. Kulibe alenje, ndanama, ndipo si koyamba. Mauthenga atatu aja ndinajambula ndine. A Njiri, a Nkhanga ndi a Nyani sananene kanthu, ndinawabera mawu, n'kuwagwaditsanso m'fumbi. Mayi Ngaka sanandilakwire. Ndinanyoza mwana wawo tsiku lotuluka m'chikuta chifukwa ndinkafuna kuti mundiseke nthabwala. Sizinali zocheza, zinali nkhanza. Mayi Ngaka, ndalakwa ine, ndi pakamwa panga. A Nungu, thamangani, mwana wasiya kulira."

Anatumiza. Anatsegula nambala yobisika ija n'kutumizanso mawu omwewo, kuti pasapezeke wonena kuti foni ya mlonda yabedwa. Kenako anaika foni pansi, pafupi ndi mutu wa Ngaka, n'kukweza mawu mpaka pamapeto.

M'malo onse mmene nyama zinabisala mafoni analira. Oyamba kufika anali a Nungu, ali wefuwefu. Kenako Njiri, Nkhanga, a Ntchefu, gulu lonse. Nyani anatsika mumtengo osathamanga, akuyenda pang'onopang'ono, maso ali pa kambalame kakuda kaja. Mnthengu anamuona. Mapiko anali nawo, koma sanauluke. Anagwada, mlomo pansi.

Nyani anamugwira pakhosi, namunyamula m'mwamba.

"Ndiwe? Kanthu kakang'onong'ono ngati iwe?"

"Ndine," anatero Mnthengu m'mawu ake osasa.

"Chete nonse!" anakuwa a Nungu. "Musiyeni ameneyo! Taonani apa!"

Nsonga ya mchira wa Ngaka inali itadzuka pang'ono. Inaima. Inadzukanso. Mamba anayamba kulekana limodzilimodzi, mchira n'kugwera kumbali, miyendo n'kuoneka, kenako mutu. Pamimba pake panali kamwana kaja, kali lobodo, maso otseka.

A Nungu anakatenga. Anakatikita pachifuwa ndi chala, nakauzira m'mphuno. Kanali chete. Anakatembenuza, nakasisita pamsana, nakauziranso. Nyani anali atamasula dzanja osadziwa, Mnthengu n'kugwa pansi, osasuntha.

"Bwera, mwanawe," anatero a Nungu. "Bwera, usatichititse manyazi."

Kamwendo kanagwedezeka. Kanayetsemula kuti tsi, kenako n'kulira. Sikunali kulira kwamphamvu, koma sindikhulupirira kuti kuthengoko kunamvekapo nyimbo yokoma kuposa imeneyo.

"Chiswe!" analamula a Nungu. "Mayiyu adye, mkaka ubwere!"

Njiri anagwada pachulu n'kuyamba kufukula ndi mano ake, dothi lili fumbi kobo. Ngaka anadya ali chigonere, mwana ali pabere. Pomaliza a Ntchefu anakonza kukhosi.

"Mayi, wolakwa uja ndi uyu. Nenani chimene mukufuna, tichita."

Ngaka anatembenuza mutu, osati kwa Mnthengu, koma kwa gulu lonse.

"A Nungu, pa uthenga woyamba uja panali tinkhope tingati?"

"Makumi asanu ndi tiwiri."

"Uyu ndi mmodzi," anatero Ngaka. "Enawo ndi ndani?"

Mitu inagwa. Nkhanga anayamba kutokosa pansi. Nyani anayang'ana kumbali, chifukwa pa uthenga wa mawu a Njiri anasekapo yekha kawiri. Njiri, amene anali chigwadire pachulu paja, sanadzuke.

"Ine ndinatumiza kutsidya, mayi. Ndalakwa."

"Kamodzi mwa tinkhopeto kanali kanga," anatero a Ntchefu motsitsa mawu. "Ndinakachotsa, koma ndinali nditakaika."

Mnthengu anakwawa pang'ono kufika patsogolo pa Ngaka, naomba mapiko pansi.

"Mayi, ndikhululukireni."

Ngaka anamuyang'ana ndi maso ake ofooka aja.

"Ndamva, ndipo mawuwo ndi anu. N'chifukwa chake ndatambasuka. Koma kukhululuka sindinafikepo."

"Ndidikira, mayi."

"Dikirani."

Anakweza mwana pa mchira, nadzuka movutika, n'kumapita, manja atawagwirizanitsa pachifuwa. Nyama zinapatuka kumupatsa njira.

Tsiku lomwelo a Ntchefu anagamula mlandu woyamba m'moyo wawo popanda kuyang'ana m'mwamba. Ulonda anamulanda Mnthengu, kakhadi ka nambala yobisika ija n'kukathyola pamaso pa onse. Nyani anamuzula nthenga ziwiri zapakati pa mchira, akuti za mawondo ake, moti mphanda ija inakula mpaka lero. Njiri naye mukamuona akudya chogwada, dziwani kuti ndi manyazi a pachulu paja.

Mnthengu kutsanzira sanasiyiretu, khalidwe silichoka ngati malaya. Koma mvetserani bwino akamalira: kaya wabwereka mawu a yani, pomaliza amaikapo kaphokoso kake kosasa, kuti aliyense adziwe amene wanena. Amakhala pa nthambi yapoyera, pamene aliyense angamuone. Ndipo kumene Ngaka akufuna chiswe, iye amatsatira chapatali, osatumidwa ndi munthu. Akaona choopsa chenicheni amakuwa m'mawu akeake, Ngaka n'kudzikulunga, choopsa n'kudutsa, iye n'kutambasuka, n'kumapitiriza ulendo.

Mwana uja anakula, mamba analimba, nayenso ali ndi ake. Koma Ngaka, mayi amene pagulu paja ankalemba zikomo pa chilichonse, kwa Mnthengu mawu amenewo sanawanenebe. Mnthengu akudikira.

Yanga yathera pompa. Amene foni ili m'manja, ayambe waiika pansi.